Batani limene amayi ako sanalipeze

Tadala mwana wanga,

Ndakhala pakhonde ndi pepala pabondo, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya bulugamu ya ku esiteti. Iwe wapita ku Luchenza kukalukitsa tsitsi. Amayi ako ali kuseri akukazinga mtedza woti unyamule, ngati kuti ku Lilongwe kumene ukupitako si kwawo kwa mtedza. Ndati ndilembe tsopano, chifukwa madzulo nyumba ino idzaza ndi odzatsanzikana nawe, ndipo ukudziwa kuti pagulu ine pakamwa pamandilemera. Moyo wanga wonse ndadya za bulashi ndi penti, ndiye zofunika ndimazinena bwino ndikalemba. Kalatayi ndiika m'chikwama chako. Usaitsegule minibasi isanadutse pa Bvumbwe, kuopa kuti ungatsike n'kubwerera kudzandikalipira.

Pali nkhani imodzi imene ndakubisira kuchokera nyengo ya mvula yathayi. Ikukhudza pulogalamu ija unapangira kalabu yathu ya alimi a tiyi, yomweyo imene ukukaonetsa mabwana ako atsopano Lolemba. Ndifikapo, usathamange. Undilole ndiyambe ndi zolakwa zanga, kuti pofika pa chako udziwe kuti wokuuzayo nayenso ndi wodetsa malaya.

Unandifotokozera tsiku lina kuti ntchito yako ndi yokonza zimene munthu amaona akatsegula foni kapena kompyuta. Unati iwe ndi amene umasankha pokhala mawu ndi pokhala batani, komanso kuti chinthu chimodzi chomwecho chiyenera kukhala bwino pa sikirini yaikulu ya mu ofesi ndi pa kasikirini ka foni. Ndinangogwedeza mutu ngati wosamva za makono, koma mumtima ndinaseka. Ndinati mwana uyu akuganiza kuti wathawa ntchito ya bambo ake, osadziwa kuti wailowera khomo la kuseri. Iwe ndiwe wolemba zikwangwani, Tadala, ngati ine ndemwe. Kusiyana kwake n'koti penti wako sanunkha.

Chikwangwani changa choyamba ndinalembera Che Bwanali, amene anali ndi golosale pafupi ndi siteji ya minibasi ku Luchenza, iwe usanabadwe. Dzina la sitolo yawo linali lalitali, thabwa linali lalifupi. Ine ndi magazi a unyamata sindinayeze. Ndinayamba ndi zilembo zazikulu ngati chikhatho, zokongola zedi, moti anthu anaima kuonerera. Nditafika pakati pa dzina ndinaona kuti thabwa latsala pang'ono kutha. Zilembo zinayamba kuonda, kenako kukhalirana, ndipo zinayi zomaliza zinakwera m'mbali mwa thabwa ngati nyerere. Che Bwanali anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Zili bwino, amisiri, mwayesetsa." Ndinapita kunyumba ndikuyenda monyang'wa. Chikwangwanicho chinakhala pamenepo zaka ziwiri, ndipo zoti pa siteji ponse amandiseka ndinadzazimva kwa kondakitala wina amene sankadziwa kuti wolembayo ndine. Kuyambira pamenepo sindigwira bulashi ndisanagwire chingwe ndi choko. Munthu akandipatsa matabwa awiri oti ndilembe mawu amodzimodzi, ndimayamba ndi laling'ono, chifukwa zokwana pa laling'ono pa lalikulu sizivuta. Ukumbukire zimenezi, mwana wanga, uziyamba ndi thabwa laling'ono. Ndipo mawu aja a Che Bwanali uwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Cholakwa chachiwiri chinali choopsa. Kapitawo wa pa esiteti ina anandipatsa ntchito yolemba chenjezo la pa kona yotsetsereka yolowera pa kamlatho. Ndinalembera pano pakhomo, thabwa nditatsamiritsa kukhoma, ine nditaima mapazi awiri kuchokera pamenepo, dzuwa likuwala bwinobwino. Ndinasankha penti wobiriwira, ati kuti zigwirizane ndi tiyi. Ndinalemba mizere itatu ya ulemu wonse, yopempha madalaivala kuti chonde ayendetse mosamala popeza kutsogoloku kuli kona ndi mlatho wopapatiza. Zilembo zake zinali za michira. Itafika miyezi ya chiperoni, dalaivala watsopano wa thirakitala anatsika pamenepo m'mamawa, nkhungu ili mbuu, ngolo yodzaza masamba n'kukagwera m'ngalande. Mulungu anachita zazikulu, munthuyo anangotuluka ndi bala pachipumi. Kapitawoyo sanandikalipire. M'mawa mwake anandikweza pa thirakitala pambali pa dalaivala, nkhungu ili chomwecho, ndipo titayandikira pa kona anangoti, "Werengani." Sindinaone kanthu. Thabwa lobiriwira linali litamira m'munda wobiriwira, ndipo pamene ndinkalizindikira tinali titalipitirira kale. Ndinachita manyazi amene sindinawaiwale mpaka lero. Ndinakalembanso ndi penti wofiira pa thabwa loyera, liwu limodzi lokha lalikulu, PANG'ONO. Tadala, chinthu chimene wapanga usachiweruze utakhala pampando wako. Kwera thirakitala.

Chachitatu chinali cha anyamata a kabaza. Ndinawajambulira chizindikiro cha bungwe lawo pakhoma la pa siteji yawo, ndipo chimenecho ndiye ndinakhoza. Panali gudumu la njinga, kumbuyo kwake phiri la Mulanje, dzuwa likutuluka, dzina la bungwe, ndi vesi la m'Baibulo pansi pake. Atachikonda, anandipempha kuti ndilembenso timapuleti tomangirira kumbuyo kwa njinga iliyonse, tating'ono ngati chikhatho cha mwana, pakhalenso nambala ya njinga. Ine ndinati palibe vuto. Ndinatenga nthenga ya nkhuku m'malo mwa bulashi, n'kuchepetsa chilichonse kuti chikwanemo, phiri, dzuwa, vesi, zonse. Ndinatha sabata maso akuwawa. Wapampando wawo, a Namakhwa, anamangirira kamodzi panjinga, n'kuuza mwini wake kuti apalase. Atangofika pa mtengo wa mango wa chapafupi, kapuleti kanga kankaoneka ngati chitosi cha nkhuku.

A Namakhwa anandifunsa kuti, "Amisiri, mayi akaiwala thumba lake panjinga, njingayo n'kumapita, iye amafuna aone chiyani kumbuyoko?"

Ndinati, "Nambala."

Iwo anati, "Nanga phiri la Mulanje likutani apa? Nalonso lakwera kabaza?"

Anyamata onse anaseka, nanenso ndinaseka, koma ndinapita kunyumba nditaphunzira. Chaching'ono si chachikulu chofinyidwa. Pamalo pakachepa, uyenera kulimba mtima n'kusankha chimodzi chimene munthu wabwerera, zinazo zidikire. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Timapuleti tija ndinatipaka penti woyera tonse, n'kulemba nambala yokha yakuda, ndipo tina tikuyendabe ku Luchenza mpaka pano.

Koma usaganize kuti ndinachenjereratu. Nditapsa ndi timapuleti ndinasanduka munthu woumira mawu. Amayi a kutchalitchi kwathu anandibweretsera nsalu yaitali ngati khoma la kalasi kuti ndilembe za msonkhano wawo, ine n'kungolemba mawu awiri pakati, kwina konse mbee. Alendo ochokera ku Mphuka anaima pansi pake n'kumafunsana kuti msonkhanowo uli liti ndipo uli kuti. Malo analipo, ine ndinawamana. Ndiye usakachite kuti poti bambo anati chepetsa, uchepetse ponseponse. Wokhala pa desiki ndi sikirini yaikulu umupatse zonse aone pamodzi. Pamenepo iwe sindikuda nawe nkhawa, chifukwa mbali imeneyo unakhoza. A Likoswe, kalaliki wa kalabu yathu, amatsegula kompyuta ya mu ofesi n'kuona mashedi onse pamzere, n'kudziwa kumene lole ipite. Amakutama mpaka lero.

Tsopano ndafika pamene ndimazengereza.

Ukukumbuka chifukwa chimene unapangira pulogalamuyo. Mashedi olandirira tiyi ndi ambiri m'mapiri muno, lole ya ku fakitale ndi imodzi, ndipo siingafike paliponse tsiku lililonse. Masamba akathyoledwa sagona, afike ku fakitale tsiku lomwelo. Iwe unakula ukuona amayi ako akuimbira dalaivala foni osayankha. Ndiye unati mlimi azingotsegula foni, asankhe shedi yake, alembe matumba amene ali nawo, adine batani lolembedwa kuti Tumizani, basi a Likoswe aone. Tsiku limene unaonetsa ku ofesi ya kalabu pa laputopu yako, ine ndinakhala kumbuyo nditavala jekete. Pamwamba panali chithunzi cha minda ya tiyi, kumanzere moni wolandira alimi, pakati polemba, kumanja batani lija. Anthu anaomba m'manja. Ndinanyadira, mwana wanga, moti misozi inalengeza ine n'kunamizira chimfine. M'mawa mwake unabwerera ku koleji kukalemba mayeso omaliza.

Lachiwiri lotsatira amayi ako analawirira kumunda ndi amayi ako aang'ono, a Felesiya, pamodzi ndi amayi ena a pa shedi yathu ya mbali ya kuno kwa Khwethemule. Anathyola bwino tsiku limenelo, mvula inali itagwa sabata yonse, tiyi ataphuka. Amayi anzawo onse anati, "Inu ndinu amake a mwini wake, titumizireni ndinu." Amayi ako anapukuta manja pachitenje, n'kutulutsa kafoni kawo kaja kosweka pakona. Chithunzi cha minda chinatenga nthawi kuti chitseguke, chikutsika pang'onopang'ono. Anasankha shedi, analemba matumba. Kenako anandiitana, ine ndinali nditabwera kudzathandiza kunyamula.

Anati, "Bambo a Tadala, taonani kuno. Ndatumiza kapena sindinatumize?"

Ndinayang'ana. Dzina la shedi linalipo, nambala ya matumba inalipo, china chodina panalibe. Ndinati, "Mwatumiza, mayi. Za makono sizichita phokoso."

Wamva? Amene ananena kuti zatheka ndine. Batani lako linalipo ndithu, koma linali kumanja, kunja kwa sikirini, kumene pa laputopu kuli malo koma pa kafoni kulibe. Linali ngati zilembo zinayi zija za Che Bwanali, kungoti zanga zinakwera m'mbali mwa thabwa anthu n'kumaziona, pamene lako linagweratu kuseri.

Tinadikira pa shedi mpaka dzuwa kupendeka. Lole tinaimva ikulira kutsidya, ikutenga masamba a anzathu a kufupi ndi ofesi, amene ankangokauza a Likoswe pakamwa, kenako n'kumapita. Pofika m'mawa masamba anali atatentha m'matumba, atafiira, akununkha. Tinakawamwaza m'nthochi kuti akhale manyowa. A Felesiya anangokutumula matumba awo n'kumapita kwawo. Amayi ako anakhala pa mwala uja wa kuseri kwa shedi nthawi yaitali. Sankalirira tiyi. Chinkawapweteka n'choti amayi anzawo anawakhulupirira chifukwa cha iwe.

Ndinapalasa njinga kupita ku ofesi. A Likoswe anandionetsa kuti ukakokera sikirini kumbali ndi chala, batani limatulukira. Ndinasangalala, ndinati basi nkhani yatha, ndikawaphunzitsa. Koma likatulukira limakhala laling'ono ngati njere ya mpunga, ndipo pambali pake penipeni pali lina lolembedwa kuti Fufutani. Iwe zala zako n'zosongoka, zozolowera cholembera. Tayang'ana zala za amayi ako madzulo ano akamakupatsa mtedza. Zathyola tiyi kuyambira ali mtsikana, nsonga zake n'zotakata, zolimba, zong'aluka, ndipo kumunda zimakhala zonyowa ndi mame. Nditabwerera kudzawaphunzitsa, amayi ako anayesa kanayi. Katatu chala chinagwera pa Fufutani, zonse n'kuyambiranso, chithunzi chija n'kumatsikanso, bandulo n'kumatha. Kachinayi dzuwa linawala pa sikirini, zilembo zako, poti n'zotuwa, osaonekanso. Anandipatsa foni n'kunena kuti, "Mwina ndine mbuli, bambo a Tadala. Mwana anapangira anthu ophunzira." Mawu amenewo anandilasa kuposa masamba aja.

Ndinafuna kukuimbira tsiku lomwelo. Amayi ako anati, "Musamuuze, ali pa mayeso." Ndinavomera. Ndiye ndinagwirizana ndi a Likoswe kuti tsiku lililonse lothyola, ine ndizizungulira mashedi a mbali yathu ndi njinga, ndilembe papepala, ndikawapatse ku ofesi, iwo alowetse pa kompyuta ngati kuti alimi atumiza okha. Ndachita zimenezo kuyambira pamenepo. Iwe ukatsegula laputopu yako ku koleji unkaona mauthenga akulowa, n'kutiimbira mosangalala kuti, "Ababa, zikuyenda!" Ine n'kumati, "Zikuyenda, mwana wanga, wayesetsa." Sunadabwe kuti mauthenga onse amalowa nthawi imodzi, cha m'ma teni koloko? Imeneyo ndi nthawi imene bambo ako amafika pa ofesi, thukuta lili kamukamu.

Mayeso anatha, tinati adikire zotsatira. Zotsatira zinabwera, tinati tisamuonongere chisangalalo. Kenako inabwera kalata ya ntchito. Bodza likakhalitsa m'nyumba limasanduka ngati mpando, mumangolilambalala osalionanso. Ichi ndiye cholakwa changa chachikulu kuposa zonse ndakuuzazi. Ndinakhala Che Bwanali wako. Ndinadziwa mmene zimapwetekera kumva mochedwa, komabe ndinakuchitira zomwezo, ndikumati ndi chikondi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ine khutu lako ndinalisisita. Undikhululukire, Tadala. Amayi ako usawaimbe mlandu, mwini njinga ndine.

Chandilembetsa kalatayi ndi zimene unanena Lamulungu tikudya. Unati mabwana ako anakukonda chifukwa cha pulogalamu imeneyi, ndipo akufuna kuti Lolemba ukawaonetse kuti aipereke ku makalabu ena, ku Mulanje ndi kumpoto komwe. Ndinasiya kudya. Ndinaona amayi a kumeneko, amene sindikuwadziwa, atakhala pa mashedi awo kudikira lole, aliyense akudziona ngati mbuli. Kuno zinabisika chifukwa cha ine. Koma ine njinga ndili nayo imodzi, ndipo bondo lakumanzere layamba kudandaula pa chitunda cha ku ofesi.

Ndiye langizo langa ndi ili, ndipo ndikudziwa kuti ndi lolemera. Lolemba usakayambe ndi laputopu. Ukawauze wekha, iwo asanakufunse, kuti pa kompyuta imayenda koma pa foni ya mlimi siinayendepo, ndipo ukudziwa chifukwa chake. Mwina nkhope zawo zikasintha. Mwina wina akaganiza kuti analemba ntchito munthu wolakwika. Sindingakulonjeze kuti sizikachitika, ine anthu a ku Lilongwe sindiwadziwa. Chimene ndikudziwa n'choti kapitawo uja anapitiriza kundipatsa ntchito zaka zambiri, chifukwa nditatsika pa thirakitala sindinanamizire nkhungu. Akakuthamangitsa chifukwa chonena zoona, ubwere, pakhomo pano sipanathe malo. Koma ukakabisa, tsiku lina adzamva kwa kondakitala.

Ndipo pa ntchito iliyonse imene udzapange kumeneko, usamafunse anthu kuti zili bwino kapena ayi. Ife anthu a kuno ulemu unatipweteka, tidzati zili bwino ngakhale utatipatsa nsapato za phazi limodzi. Makamaka okukonda, amenewo ndiye usawamvere n'komwe. Umupatse munthu foni, iwe utseke pakamwa, manja uike kumbuyo, uyang'ane chala chake. Chikaima m'mwamba chikusowa potera, walakwitsa ndiwe. Usamuthandize, usamufotokozere, chifukwa kumunda iwe sudzakhalako. Ukatuluke naye panja padzuwa. Umunyowetse chala ngati n'kotheka. Upite kumene netiweki imabwera ngati mlendo. Ndipo munthu akadina, chinthucho chimuyankhe momveka kuti uthenga wafika, asachite kufunsa mwamuna wake, chifukwa mwamunayo akhoza kukhala ngati ine.

Zina zonse amayi ako akuuza okha madzulo ano, za kudya, za kutchalitchi, za anyamata a m'tauni olankhula Chingerezi cha m'mphuno. Pamenepo ine ndilibe chowonjezera, kupatula kuti uziwaimbira Lamulungu, chifukwa ukapanda kutero amene amavutika ndine.

M'thumba la m'mbali la chikwama chako, pansi pa mtedza, upezamo kanthu kokulungidwa m'kansalu. Ndi foni ya amayi ako, yosweka pakona ija. Ndinawapempha dzulo, nditawauza kuti ndikulembera zonse. Anachotsa simu yawo n'kundipatsa foniyo. Iwo agwiritsa ntchito foni yanga, imene ndi yaing'ono chimodzimodzi. Anati ndikuuze kuti usaikonzetse galasi, ikhale momwemo. Uiike pa desiki pako pambali pa makompyuta akuluakulu a kumeneko, ngakhale anzako aseke. Chilichonse chimene wapanga chiyambe chadutsa pa foni imeneyo. Limenelo ndiye thabwa lako laling'ono.

Mvula yayandikira, tiyi ayambanso kuphuka. Lachiwiri ndi tsiku lothyola, ndipo ine ndipalasa monga mwa masiku onse, usade nkhawa, masamba a amayi ako sagonanso pa shedi. Ndipalasabe mpaka utatiuza kuti wakonza. Tsiku limenelo sindidzagwira foni, sindidzanena kanthu. Ndidzaima kumbuyo kwa amayi ako manja ali kumbuyo, iwo adzapukuta chala pachitenje n'kudina okha. Lole ikadzalira pa chitunda chathu, ndidzakoloweka njinga kudenga.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukuseka ndi a Felesiya. Ndipinde pepalali usanandione.

Uyende bwino, mmisiri mnzanga.

Ndine bambo ako.